Git pa Windows, Mac ndi Linux: mathero a mizere musawasiyire installer

Munthu akamayika Git, pulogalamu yosunga khodi ndi mbiri ya kusintha kwake, pa Windows amafika pa tsamba lolembedwa kuti "Configuring the line ending conversions". Pamakhala zosankha zitatu, choyamba chili chosankhidwa kale, ndipo pafupifupi aliyense amangodina Next n'kupitirira. Pa Mac ndi pa Ubuntu funsoli silibwera n'komwe. Ndemanga ino ndi ya tsamba limenelo pamodzi ndi zimene zili kuseri kwake, kutanthauza momwe Git imasamalira mathero a mizere munthu asanakhudze kalikonse. Tikuziyang'ana poganizira magulu ang'onoang'ono olemba mapulogalamu muno mu Lusaka, kumene kawirikawiri mumapeza malaputopu angapo a Windows, mwina MacBook imodzi, ndi seva ya Linux yobwereka kunja. Maganizo athu ndi akuti zida zimene Git ili nazo pa nkhaniyi n'zabwino kwambiri, koma makonzedwe amene imabwera nawo sayenera gulu lotere. Gulu lowadalira limataya nthawi pa mavuto amene kafayilo kamodzi kakanawatsekera pakhomo.

Kumapeto kwa mzere uliwonse mu fayilo ya zolemba kumakhala chilembo chosaoneka chouza kompyuta kuti mzere watha. Linux ndi macOS zimayika baiti imodzi, LF, nambala yake 10. Windows imayika ziwiri, CR kenako LF, 13 ndi 10. Mwambowu unachokera ku makina akale a teletype amene ankafuna malamulo awiri, lina lobwezera mutu wosindikizira kumanzere, lina lokweza pepala. MS-DOS inasunga onse awiri ndipo Windows inatengera pomwepo, pamene Unix inasankha limodzi. Mac yakale inkagwiritsa ntchito CR yokha mpaka pamene Mac OS X inabwera mu 2001, choncho Mac ya lero ili mbali imodzi ndi Linux. Git inalembedwa ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti izisunga khodi ya Linux, ndipo imazindikira fayilo powerengera mabaiti ake onse. Fayilo ya mizere 400 ikachoka ku LF n'kupita ku CRLF imanenepa ndi mabaiti 400, ndipo kwa Git mizere yonse 400 yasintha, ngakhale pa sikirini palibe chimene chikuoneka.

Zosankha zitatu za pa installer zonse zimalemba pa dzina limodzi, `core.autocrlf`. Choyamba, "Checkout Windows-style, commit Unix-style line endings", chimaika `true`: Git ikamatulutsa fayilo mu repo (nkhokwe imene imasungamo projekiti) kubweretsa mu foda yanu imasandutsa LF kukhala CRLF, ndipo ikamailowetsa imachotsa CR. Chachiwiri chimaika `input`: potulutsa sisintha kanthu, koma polowetsa imachotsabe CR. Chachitatu chimaika `false`: zimene mwapereka ndi zimene zimasungidwa. Git payokha, ngati palibe wanenapo kanthu, imakhala pa `false`, ndipo umu ndi mmene zilili pa Mac ndi pa Linux. Ndiye gulu losakanikirana limayamba tsiku loyamba ndi malamulo awiri osiyana, popanda aliyense kukhala pansi n'kusankha.

Tisainyoze `true` mopitirira. Inapangidwa pa nthawi imene mapulogalamu ambiri a Windows sankatha kuwerenga LF. Notepad yeniyeniyo inkaonetsa fayilo yotero ngati mzere umodzi wautali mpaka Windows 10 ya 1809 itatuluka mu 2018. Komanso `true` imateteza repo, chifukwa fayilo yatsopano yolembedwa pa Windows imalowa ili ndi LF. Kwa munthu wogwira yekha, amene pulogalamu yake idzayenda pa Windows basi, chisankhochi sichimupweteka. Mavuto ake ndi awiri, ndipo onse amaonekera anthu akachuluka.

Vuto loyamba n'lakuti lamuloli limakhala pa kompyuta, osati mu repo. Installer imalilemba mu `C:\Program Files\Git\etc\gitconfig`, ndipo mnzanu akachita clone salitenga. Pamwamba pake pali `.gitconfig` ya mu foda ya mwini kompyuta, ndipo pamwamba pa iyo pali `.git/config` ya repo yomweyo. Ya pafupi ndi repo ndi imene imapambana. Laputopu yogula kwa munthu, kompyuta ya mu labu ya pa koleji, kapena makina amene anaformatidwa m'tauni mwezi watha, iliyonse ikhoza kukhala ndi lamulo lake. GitHub Desktop imabwera ndi Git yakeyake mkati, ndipo Ubuntu ya mu WSL (njira yoyendetsera Linux m'kati mwa Windows) nayo ili ndi Git ina yosawerenga makonzedwe a Windows. Zili ngati anthu anayi ogulitsa nyemba pa tebulo limodzi ku Soweto Market, aliyense ndi meda yake ya kukula kwina. Kuti mudziwe chimene chikulamulira pa makina anu, lembani `git config --show-origin --get-all core.autocrlf`. Muona mtengo uliwonse ndi fayilo imene wachokera, ndipo wa pansi penipeni ndi umene ukugwira ntchito. Ikangobwerera osalemba kanthu, ndiye kuti muli pa `false`.

Vuto lachiwiri ndi limene limasokoneza ngakhale anthu odziwa. Pa `true`, mu repo muli LF koma mu foda imene mukugwirira ntchito muli CRLF, ndipo si zonse zimene zimapita ku seva kudzera mu Git. `docker build`, lamulo la Docker lolongedza pulogalamu kuti iyende mu container, imakopera mafayilo a mu foda yanu momwe alili. Chimodzimodzi `scp`, FileZilla, zip yotumiza pa WhatsApp, ndi foda yokopera pa flash tsiku limene bandulo yatha kapena netiweki yavuta. M'njira zonsezi CR imayenda nawo. Munthu amayang'ana pa GitHub n'kuona kuti fayilo ili bwino, koma imene ili pa seva ndi ina.

Chimene chimafa choyamba ndi ma script a shell. Mzere woyamba wa script, `#!/bin/bash`, umauza Linux pulogalamu yoti iyendetse fayiloyo, ndipo Linux imawerenga dzinalo mpaka pa LF. Ngati pali CR, imakafuna pulogalamu yotchedwa bash yokhala ndi CR kumapeto, imene kulibe. Uthenga umakhala `/bin/bash^M: bad interpreter: No such file or directory`, kapena `/usr/bin/env: 'bash\r': No such file or directory`. Mukaiyendetsa ndi `bash deploy.sh` imayamba ndithu, koma mzere uliwonse wopanda kanthu umabweretsa `$'\r': command not found`. Apa pali mwayi chifukwa `^M` ndi `\r` zikuoneka. Mu Docker mwayiwo palibe: container imangonena kuti `exec /entrypoint.sh: no such file or directory`, fayilo ili pomwepo, ndipo munthu amatha madzulo onse akufufuza mzere wa COPY umene ulibe vuto. `gradlew` ndi `mvnw` za ma projekiti a Java ndi Android nazo ndi ma script a shell, zimafa imfa yomweyo.

Choipa kuposa apa ndi chimene sichikuwa. Tengani `.env.example` yotuluka ndi CRLF, wina n'kuikopera kukhala `.env`, n'kulembamo kiyi ya API ya mobile money, kenako script n'kuiwerenga ndi `source .env`. Bash imatenga CR ija ngati mbali ya kiyiyo. Mukaisindikiza pa sikirini imaoneka yolondola chilembo ndi chilembo, koma mbali inayo imakana chifukwa yalandira baiti yowonjezera. Zomwezo zimachitika ndi dzina la database kapena nambala ya port. Njira yachangu yoonera ndi `cat -A .env`, imene imaonetsa `^M$` kumapeto kwa mzere uliwonse wodwala, kapena `file .env`, imene imanena kuti "with CRLF line terminators". `dos2unix` imachiza fayilo imodziyo lero, koma mawa wina akakoperanso kuchokera pa laputopu yomweyo matenda abwerera.

Kumbali ya `false` mavuto ndi ena. Munthu wa Windows amene anasankha chachitatu, kapena amene editor yake imasandutsa fayilo yonse posunga, amalowetsa CRLF mu repo. Wasintha mzere umodzi koma pull request ikuonetsa mazana, ndipo woiwerenga sangapeze pamene pasinthadi. `git blame` imayamba kunena kuti iye ndiye analemba fayilo yonse. Mnzake amene anali ndi branch yokhudza fayilo yomweyo akachita merge amapeza conflict kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Kuti muone kusintha kwenikweni m'kati mwa phokosolo gwiritsani ntchito `git diff --ignore-cr-at-eol`, koma uku n'kungoona, si kukonza.

Pali khalidwe lina la Git limene ndi lanzeru koma silifotokozedwa pa installer. Fayilo ikakhala kuti inalowa kale mu repo ndi CRLF, `autocrlf` siyikhudzanso, kaya polowetsa kaya potulutsa. Anachita dala kuti kuyatsa `true` pa repo yakale kusachititse mafayilo onse kuoneka osinthidwa. Zotsatira zake n'zakuti kusintha makonzedwe a makina anu sikutsuka zimene zinalowa kale, ndipo repo yokhalitsa imakhala ndi mafayilo ena a LF, ena a CRLF, ena osakaniza zonse m'fayilo imodzi.

Chenjezo limene Git imapereka pa nkhaniyi ndi mbali yofooka kwambiri ya chidachi. Pa `true`, mukalowetsa fayilo ya LF, imalemba kuti `warning: in the working copy of 'app.js', LF will be replaced by CRLF the next time Git touches it`. Tanthauzo lake n'lakuti mu repo mulowa LF monga mukufunira, koma tsiku limene Git idzalembenso fayiloyo mu foda yanu idzaika CRLF. Repo ili bwino. Mawu akale a chenjezoli anali oopsa kuposa awa, ankati LF isinthidwa kukhala CRLF, osanena bwino kuti kuti. Pa projekiti yatsopano ya Node kapena Laravel chenjezoli limabwera kambirimbiri motsatizana, wophunzira amachita mantha, amafufuza pa intaneti, n'kupeza malangizo oti aike `core.autocrlf false`. Chenjezo limathadi, koma watsegula chitseko choti CRLF ilowe mu repo. Chimene chimatulutsa chenjezoli ndi `core.safecrlf`, imene imabwera ili pa `warn`. Mukaiika pa `true`, Git imakana kulowetsa fayilo imene singadzabwerere momwe inalili, zimene zimathandiza kugwira mafayilo osakaniza koma zimatopetsa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Tsopano mbali imene Git imakhoza. Muli njira yolembera lamulo mu repo momwemo, mu fayilo yotchedwa `.gitattributes`. Imalowa mu commit ngati fayilo ina iliyonse, aliyense wochita clone amaitenga, ndipo zimene yanena zimaposa `core.autocrlf` ya munthu. Kwa gulu limene khodi yake imathera pa Linux, izi n'zokwanira poyambira:

```
* text=auto eol=lf
*.bat text eol=crlf
*.cmd text eol=crlf
*.sln text eol=crlf
*.png binary
*.jpg binary
*.pdf binary
```

Mzere woyamba ukuti Git idzionere yokha ngati fayilo ndi ya zolemba, ndipo ikatero isunge LF mu repo ndi mu foda yomwe, kaya makinawo ndi a mtundu wanji. Chidutswa cha `eol=lf` n'chofunika. Malangizo ambiri amangopereka `* text=auto`, imene imasamalira repo yokha n'kusiya foda ya munthu m'manja mwa `core.autocrlf` ndi `core.eol`; pa Windows mudzapezabe CRLF, ndipo vuto la Docker lija lidzakhalapobe. Mafayilo a `.bat` ndi `.cmd` tawapatula chifukwa `cmd.exe` imatha kusochera pa `goto` ndi ma label ngati fayilo ili ndi LF yokha. A `.sln` amalembedwa ndi Visual Studio mwa CRLF, palibe chifukwa cholimbana nayo. Mizere ikatsutsana pa fayilo imodzi, wa m'munsi ndi umene umapambana, choncho wa nyenyezi uzikhala pamwamba nthawi zonse. Mawu oti `binary` akutanthauza kuti Git isasinthe mathero, isaonetse diff, ndipo isayese kuphatikiza mzere ndi mzere.

Musaiwale `=auto`. Mukalemba `* text` yokha mwauza Git kuti fayilo iliyonse ndi ya zolemba, ndipo idzachotsa CR ngakhale m'zithunzi. Fayilo ya PNG ili ndi 13 ndi 10 m'mabaiti ake asanu ndi atatu oyamba, anaziika dala kuti kuonongeka kotere kuzidziwika, ndipo zikachotsedwa chithunzi sichitsegukanso. Zikalowa mu commit zili choncho n'kutaya choyambirira, palibe pobwezera. Pali msampha wofanana nawo pa ma seva akale: Git isanafike 2.10 ya mu 2016, `text=auto eol=lf` inkagwira ngati `text eol=lf`. Ubuntu 16.04 inabwera ndi Git 2.7.4, CentOS 7 ndi 1.8.3.1. Ngati muli ndi makina otero amene amachita commit, yambani mwaona `git --version`. Ichi n'chifukwa chinanso cholembera mitundu ya zithunzi ndi zikalata kuti `binary` m'malo modalira kuti Git iziona yokha.

Popanga fayiloyi pa Windows pewani kulemba `echo` ndi chizindikiro cha `>` mu Windows PowerShell 5.1, imene imabwera kale ndi Windows 10 ndi 11. Imasunga zolemba mwa UTF-16, Git siyiwerenga bwino, ndipo malamulo anu sagwira ntchito. Ipangeni mu VS Code kapena mu Git Bash. Kenako yesani ndi `git check-attr text eol -- deploy.sh`, iyenera kuyankha `text: auto` ndi `eol: lf`. Ikayankha `unspecified`, fayiloyo sikuwerengedwa, kapena dzina lake lalakwika, mwina Notepad yawonjezera `.txt` kumapeto.

Pa repo yatsopano ntchito yathera pamenepa. Pa yakale pakufunika kutsuka, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuposa malamulowo. Sankhani tsiku limene ma branch ambiri aphatikizidwa, ndipo uzani gulu lonse lichite push. Munthu mmodzi, `git status` yake ili yoyera, aike `.gitattributes` ndi `git add .gitattributes`, kenako alembe `git add --renormalize .`, lamulo limene linabwera ndi Git 2.16 mu January 2018. Limadutsa mafayilo onse amene Git ikuwasunga kale n'kuwalowetsanso motsatira malamulo atsopano. Asanachite commit awerenge mndandanda wa `git status` modekha. Mukaonekamo chithunzi, font, kapena fayilo ya database, aime, awonjezere mtundu wake pa `binary`, abweze fayiloyo, ayambirenso. Commit imeneyi ikhale ya mathero a mizere okha, musaphatikizemo kukonza kwina ngakhale kwa chilembo chimodzi, kuti aliyense athe kuitsimikiza: `git show --ignore-cr-at-eol` pa commit imeneyo isaonetse mzere wosintha kupatula ya `.gitattributes`.

`--renormalize` imakonza za mu repo, siyikhudza mafayilo a mu foda. Choncho aliyense wa Windows akachita pull amakhalabe ndi CRLF m'mafayilo amene commit ija sinawakhudze. Kuchita clone yatsopano kumathetsa izi koma kumadya bandulo ngati repo ndi yaikulu. Njira yosafuna intaneti ndi `git rm -r --cached -q .` kenako `git reset --hard`, zimene zimakakamiza Git kulembanso fayilo iliyonse. Lamulo lachiwirili limafufuta chilichonse chimene munasintha koma simunachite commit, ndipo silifunsa. Chitani commit kapena stash kaye.

Ma branch amene anatsala panja amabwera ndi ma conflict ambiri. Mankhwala ake ndi `git merge -X renormalize`, imene imatsuka mbali zonse isanaziyerekeze. Pa rebase ndi chimodzimodzi, `git rebase -X renormalize`. Za `git blame` nazo zili ndi yankho kuyambira Git 2.23 ya mu 2019: lembani hash yonse ya commit yotsukayo mu fayilo ya `.git-blame-ignore-revs`, ndipo aliyense aike `git config blame.ignoreRevsFile .git-blame-ignore-revs`. GitHub imawerenga fayilo ya dzina limeneli yokha. Apa opanga Git anaganiza mofatsa, chifukwa kuopa kutaya mbiri ya amene analemba mzere uliwonse ndi kumene kunkachititsa magulu kusiya repo ili yauve.

Chida chimene timachiyamikira kuposa zonse pa nkhaniyi, ndipo ambiri sachidziwa, ndi `git ls-files --eol`, chimene chilipo kuyambira 2.8. Pa fayilo iliyonse chimaonetsa zinthu zitatu, mwachitsanzo `i/lf w/crlf attr/text=auto`. Cha `i/` ndi chimene chili mwa Git, cha `w/` ndi chimene chili mu foda yanu, cha `attr/` ndi lamulo limene likugwira. Mkangano wa "kwa ine ikuyenda" umathera pa mzere umodziwu. `git ls-files --eol | grep -E "i/(crlf|mixed)"` imakupatsani mafayilo onse amene ali ndi CR mu repo. Mukatha kutsuka isabweze kanthu kupatula mafayilo amene mwawasiya dala ndi CRLF, chifukwa ngakhale `.bat` imasungidwa ndi LF m'katimo n'kulandira CRLF potuluka. Lamulo lomweli mukhoza kuliika mu CI, mayeso oyenda okha khodi ikalowa, kuti CR ikalowanso mudziwe tsiku lomwelo.

Kudzionera kwa `auto` kuli ndi malire. Git imati fayilo ndi binary ikapezamo baiti ya ziro, kapena CR yoima yokha yopanda LF, kapena zilembo zambiri zosasindikizika. Ndiye fayilo ya UTF-16, monga script ya SQL kapena ya PowerShell yosungidwa ndi zida zina za Windows, imatengedwa ngati binary chifukwa yadzaza ndi maziro. Simuona diff yake ndipo mathero ake satsukidwa. Kuyambira Git 2.18 pali `working-tree-encoding` yothandiza pamenepa, koma ngati chida chimene chimawerenga fayiloyo chimalola UTF-8, kuisandutsa kamodzi n'kosavuta kuposa. Mbali ina, alipo mafayilo a zolemba amene mabaiti ake sayenera kusintha: chitsanzo cha CSV chochokera ku banki chimene mumayesera pulogalamu yanu, uthenga wa HTTP wosungidwa, kapena fayilo iliyonse imene SHA-256 yake inalembedwa penapake. Muyezo wa CSV, RFC 4180, umanena CRLF, ndipo mukaitsuka mayeso anu sakuyesanso chimene chidzabwere kuchokera kunja. Apatseni mzere wawo, monga `tests/fixtures/** -text`. Kusiyana kwake ndi `binary` n'kwakuti `-text` imasiya mabaiti momwe alili koma diff imaonekabe.

Ogwiritsa ntchito WSL amakumana ndi chinthu chodabwitsa: achita clone ndi Git ya Windows, atsegula foda yomweyo mu Ubuntu kudzera pa `/mnt/c`, ndipo `git status` ikuti mafayilo ambirimbiri asinthidwa. Git ya Windows inatulutsa CRLF, ya Ubuntu ili pa `false` ndipo ikuona mabaiti osiyana ndi a mu repo. Osachita commit pamenepo. `eol=lf` imathetsa kusiyanaku, komabe ndi bwino repo imodzi izigwiridwa ndi Git imodzi, ndipo ngati ntchito ndi ya Linux, chitani clone m'kati mwa Ubuntu momwemo, kumenenso mafayilo amawerengedwa mofulumira kuposa pa `/mnt/c`.

Git imagwira fayilo pa nthawi yolowa ndi yotuluka basi. Pakati ponsepo ili m'manja mwa editor. VS Code imaonetsa LF kapena CRLF pansi kumanja, ndipo mukadina pamenepo mumasintha fayilo imene yatsegulidwayo. `"files.eol": "\n"` imakhudza mafayilo atsopano okha. Fayilo ya `.editorconfig` yokhala ndi `end_of_line = lf` imayenda ndi repo ngati `.gitattributes`, ngakhale VS Code imafuna extension kuti iiwerenge. A JavaScript akudziwa uthenga wa `Delete ␍` umene umadzaza mzere uliwonse: Prettier, chida chokonza maonekedwe a khodi, inayamba kufuna LF pa version 2.0 ya mu 2020, ndipo pa Windows ya `true` imatsutsana ndi Git pa fayilo iliyonse. Ambiri amaitontholetsa ndi `endOfLine: "auto"`. Kumeneko n'kuzimitsa chida chimene chikunena zoona; ikani `eol=lf` mkangano uthe. Makina a Windows a GitHub Actions nawo amabwera ndi `true`, choncho mayeso opambana pa Ubuntu akhoza kugwa pa Windows pa chifukwa chomwechi ngati repo ilibe lamulo lake.

Poyerekeza ndi anzake, Git siili kumbuyo. Subversion siyisintha kanthu pokhapokha fayilo itapatsidwa `svn:eol-style`, ndipo lamulolo limasungidwa pamodzi ndi fayilo. Mercurial ili ndi `.hgeol` imene imayenda ndi repo, koma extension yake imabwera yozima ndipo aliyense amayenera kuiyatsa pa makina ake. Pamenepa `.gitattributes` imaposa, chifukwa imagwira ntchito popanda wolandira kuchita kalikonse. Chimene Git imalephera n'chakuti `git init` siyipanga fayiloyi ndipo siyikumbutsa za iyo, pamene installer ya Windows imaika patsogolo lamulo la pa makina, limene ndi lofooka pa awiriwa. Tsamba lija likanangokhala ndi chiganizo chimodzi chouza munthu kuti ntchito ya gulu imafuna `.gitattributes`, ophunzira ambiri a ku UNZA ndi achinyamata amene amasonkhana ku BongoHive akanaidziwa pa projekiti yawo yoyamba, osati tsiku limene deploy yakana.

Pa makina anu a Windows, ngati khodi yanu imapita ku Linux kapena mu Docker, sankhani chachiwiri pa installer, kapena lembani `git config --global core.autocrlf input` ngati munaika kale. Simudzalowetsa CR mwangozi, ndipo foda yanu idzafanana ndi repo. Siyani `true` ngati mumagwira ndi zida zakale za Windows zimene zimafunadi CRLF. Pa Mac ndi pa Linux `input` ndi yabwinonso, imagwira fayilo imene mwalandira kwa mnzanu pa flash isanalowe ndi CR. Mukamathandiza pa repo ya eni ake imene ili ndi CRLF ndipo ilibe `.gitattributes`, musaitsuke m'kati mwa pull request ya nkhani ina. Ikani `git config core.autocrlf false` mu repo imeneyo yokha, onetsetsani kuti editor yanu ikusunga mathero amene yawapeza, ndipo za kutsuka zikambidwe padera ndi amene amaisamalira.